Kugula galimoto yoyendapo kale pa yadi ya m'tauni yanu: yambani ndi mapepala, ndalama zibwere pomaliza

Masiku ano simufunikanso kulowa mkatikati mwa Blantyre kapena Lilongwe kuti mupeze galimoto yogulitsa. M'matauni a m'mbali mwa mizinda, monga Lunzu kapena Lumbadzi, simulephera kuona galimoto zoimikidwa m'mphepete mwa msewu, zotsukidwa mwakuti mbee, pagalasi patamatidwa pepala la nambala ya foni. Kugula pafupi kuli ndi ubwino wake: galimoto mumaiona ndi maso, mumaiyendetsa, ndipo wogulitsa mukudziwa kokamupeza. Choipa chake n'chakuti kudziwana kumabweretsa manyazi. Munthu amalephera kufunsa blue book (chikalata cha umwini wa galimoto) poopa kuoneka ngati akukayikira mnzake wa kutchalitchi, kenako n'kudzalira yekha. Ndondomeko yake isasinthe ngakhale wogulitsayo ndi mlamu wanu: mapepala choyamba, galimoto kachiwiri, ndalama pomaliza.

1. Werengani ndalama zonse, osati mtengo wa pagalasi wokha

Pa ndalama zimene mwasunga, patulani gawo limodzi mwa magawo 10 kapena kuposerapo, ndipo musalikhudze ponenerera mtengo. Limeneli ndi la inshuwalansi, kusintha umwini, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu), sevisi yoyamba, ndiponso nthawi zambiri matayala ndi batire.

Mtundu wa galimoto usankhidwe ndi msewu wopita kwanu komanso shopu ya zipangizo imene muli nayo pafupi. Toyota Sienta, Probox ndi Corolla Axio zambiri zili ndi injini imodzimodzi ya 1NZ-FE ya malita 1.5, choncho zipangizo zake zili paliponse ndipo makaniko aliyense anaitsegulapo. Vitz ndi Passo za 1.0 komanso Daihatsu Mira ya 660cc sizimwa mafuta, koma n'zofupika pansi ndipo zimavutika zikadzaza anthu pa chitunda. Ngati kwanu ndi msewu wafumbi umene umakumbika mvula ikagwa, kufupikako mudzakulipira ndi mabampa, ekizozi ndi sampu. Galimoto yosowasowa ikhoza kutchipa pogula, koma sensa imodzi ikafa imakhala pa galaja mpaka chipangizo chichokere kunja.

2. Dziwani amene mukulankhula naye

Pa yadi imodzi pamakhala galimoto za mitundu itatu: zimene mwini yadi anaitanitsa yekha, zimene anthu ena anangosiya kuti awagulitsire, ndi zimene dobadoba akungozilozera. Funsani mosazungulira kuti, "Kodi galimotoyi ili m'dzina la ndani?" Dobadoba si mdani, amathandiza kupeza galimoto msanga, koma amaika yake pamwamba pa mtengo ndipo sangasaine chilichonse ku Road Traffic. Gwirizanani za ndalama yake poyambirira, ndipo ndalama ya galimoto isadutse m'manja mwake.

3. Mapepala

Apa ndi pamene anthu amataya ndalama zambiri, kuposa pa injini. Injini yakufa imakonzedwa, koma galimoto yolandidwa ndi bungwe lotolera misonkho la MRA kapena apolisi imapita ndi ndalama zanu zonse.

Ngati galimoto ili kale ndi nambala ya ku Malawi, pemphani blue book yeniyeni, osati fotokope kapena chithunzi cha pa WhatsApp. Dzina lolembedwapo lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha amene akugulitsa. Onaninso pamene palembedwa title holder. Pakakhala dzina la banki kapena kampani yobwereketsa ndalama, ngongole ya galimotoyo sinathe, ndipo umwini sungasinthidwe popanda kalata yochokera kwa obwereketsawo. Palinso galimoto zimene eni ake anaziika ngati chikole cha ngongole ina. Zotere mukhoza kuzifufuza mu kaundula wa zikole za katundu ku ofesi ya Registrar General. Ngati mwini wake anamwalira, wogulitsa asonyeze zikalata zomupatsa mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye. Kungonena kuti "ndine mwana woyamba" sikokwanira, ndipo abale ena akhoza kudzakupezani pakhomo.

Ngati ndi IT, yongolowa kumene kuchokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe, funso lalikulu ndi msonkho. Pemphani mapepala a MRA osonyeza kuti msonkho unalipidwa wonse, okhala ndi nambala ya chesisi ya galimoto yomweyo, ndipo pitani nawo ku ofesi ya MRA mukatsimikizire. Musavomere mawu akuti "dyute yatsala pang'ono, timalizira limodzi" musanadziwe chiwerengero chenicheni kuchokera ku MRA, chifukwa msonkho umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndipo ukhoza kukhala ndalama yaikulu ndithu. Chenjeraninso ndi galimoto zimene zinalowa mosalipira msonkho, monga za mabungwe kapena za anthu amene boma linawapatsa mwayi umenewu. Zikamagulitsidwa MRA iyenera kuvomereza, ndipo msonkho wotsala ukhoza kugwera inu. Galimoto ya nambala ya ku South Africa imene inalowa ndi chilolezo chongoyendera m'dziko muno kwa kanthawi si yogula konse kufikira italipiridwa msonkho ndi kuyeretsedwa ndi apolisi a nthambi imene ambiri amangoitcha Interpol.

Tsopano fananizani pepala ndi chitsulo. Galimoto zopangidwira msika wa ku Japan sizikhala ndi nambala yaitali ya zilembo 17. Zimakhala ndi nambala ya chesisi yoyamba ndi mtundu wa galimoto, monga NCP81 pa Sienta, KSP90 pa Vitz kapena NZE141 pa Axio, kenako manambala ena. Nambalayi ili pa kachitsulo kokhomedwa m'chipinda cha injini kapena pa mzati wa chitseko, komanso inadindidwa pa thupi lenileni la galimoto, kumbuyo kwa injini kapena pansi pa mpando wa dalaivala, pamene pali kachivindikiro pa kapeti. Werengani chilembo chimodzichimodzi, malo onse awiri. Pozungulira nambala yodindidwayo pakhale posalala ngati malo ena onse. Mukaona zowotcherera, penti watsopano pamalo pokhapo, kapena manambala osayima pa mzere umodzi, bwezani kiyi, nyamukani. Nambala ya injini nayo ifanane ndi ya pa blue book. Ngati injini inasinthidwa, kusinthako kukhale kolembedwa ku Road Traffic.

4. Thupi la galimoto, masana dzuwa likuwala

Musayendere galimoto madzulo kapena mvula ikugwa, chifukwa madzi ndi mdima zimabisa zophodaphoda. Imani pa ngodya yakutsogolo, weramani, yang'anani m'mbali monse motsata thupi. Pamene panawongoledwa pamaoneka timafunde, ndipo penti wake amasiyana pang'ono ndi wa chitseko choyandikana nacho. Mipata ya pakati pa boneti ndi mafenda ikhale yofanana mbali zonse ziwiri. Tengani kamaginito kakang'ono, kakulungeni m'kansalu, kayendetseni pa zitseko ndi mafenda: pamene panapakidwa fila (phala lotsekera malo ophwanyika) wambiri sikagwira. Mitu ya mabawuti a fenda ndi boneti ikakhala yosupuka penti, ndiye kuti sipanala inadutsapo.

Kuwongola chitseko si nkhani yaikulu. Nkhani ndi zitsulo ziwiri zazitali zimene zimanyamula injini, ndi pansi pa buti. Tulutsani tayala la sipeya muone pansipo: pakhale popanda makwinya, zowotcherera kapena madzi. Kenako gonani pansi ndi tochi. Galimoto zochokera kumadera ozizira a ku Japan, kumene amathira mchere m'misewu nyengo ya chipale, zimabwera ndi dzimbiri kunsi ngakhale pamwamba zikunyezimira. Dzimbiri lofiirira la pamwamba pa ekizozi si vuto. Lotumphuka, limene likuyoyoka mukaligogoda ndi sikuludalaiva, makamaka pamene pamangiriridwa mashoko ndi zitsulo za miyendo, ndilo lokanira galimoto.

Muli pansi pomwepo, onani ngati catalytic converter ilipo. Ndi chotupa cha pa paipi ya ekizozi pafupi ndi injini, ndipo imabedwa kapena kuchotsedwa mkati chifukwa muli zitsulo zodula. Mukaona paipi yowongoka yowotchereredwa pamalopo, kapena chotupacho chili ndi msoko watsopano, dziwani kuti inapita.

Matayala ali ndi tsiku lobadwa. M'mbali mwake muli manambala 4, mwachitsanzo 3521, kutanthauza sabata ya 35 ya chaka cha 2021. Tayala lopitirira zaka 6 liwerengeni ngati lofunika kusintha ngakhale mano ake akuoneka. Ma IT ambiri amabwera ndi matayala a nyengo ya chipale, olembedwa STUDLESS. Mphira wake ndi wofewa, umatha msanga pa tala wotentha ndipo sugwira bwino pa msewu wonyowa. Tayala lodyeka mbali imodzi yokha likukuuzani za alaimenti kapena za mwendo wopindika.

Mkati, kokani malamba a mipando mpaka kumapeto. Kansalu kosokedwa kumunsi kwa lamba nthawi zambiri kamasonyeza chaka chimene lambayo anapangidwa, ndipo chiyenera kugwirizana ndi chaka chimene wogulitsa akunena. Matope ouma pa lamba, dzimbiri pa njanji za mipando ndi fungo la chinyezi ndi zizindikiro za galimoto imene inamizidwa m'madzi. Yotereyo mavuto ake a magetsi satha.

5. Injini iyatsidwe ili yozizira, makaniko wanu ali pomwepo

Bwerani ndi makaniko wanu, amene mukumulipira ndinu, osati amene wogulitsa wamuitana. Panganani kuti mufike m'mawa ndipo galimoto isalizidwe inu musanafike. Ikani dzanja pafupi ndi injini. Ikakhala yofunda, bwererani tsiku lina. Injini yotentha imabisa kuvuta kulira, utsi ndi phokoso la tcheni.

Musanalize, tsegulani chotsekera cha oyilo muyang'ane kunsi kwake ndi mkati. Phala loyera ngati mkaka wosasa limasonyeza kuti madzi akusakanikirana ndi oyilo, kawirikawiri chifukwa cha gasiketi ya hedi yopsa. Zokakamira zakuda zolimba zimasonyeza kuti oyilo sankasinthidwa pa nthawi yake. Tsegulani redieta, pokhapokha injini ili yozizira: mukhale coolant wapinki, wofiira kapena wobiriwira. Madzi a pampopi a dzimbiri akutanthauza kuti injini yakhala ikudyeka mkati, ndipo mwina inawirapo. Batire labwino limawerenga mavoti 12.4 mpaka 12.6 injini isanalire, ndi pakati pa 13.8 ndi 14.5 ikulira. Likapanda kukwera, alternator sikutchaja.

Tembenuzani kiyi kufika pa ON osaliza injini. Nyali za check engine, ABS, airbag, oyilo ndi batire ziyake zonse. Injini ikalira zizime, ya airbag patapita masekondi ochepa. Nyali imene sinayake n'komwe ndiyo yoopsa kuposa yoyaka, chifukwa pali ena amene amachotsa babu kapena kumata tepi kuseri kuti vuto lisaoneke. N'chifukwa chake makaniko abwere ndi kompyuta yoyezera, ailumikize pansi pa chiwongolero. Khodi ya P0420 imaloza ku catalytic converter. Kompyuta ikasonyeza kuti makhodi afufutidwa posachedwa, yendetsani galimotoyo nthawi yaitali ndipo muyezenso.

Wina alize injini, inu muime kumbuyo. Kautsi koyera kopepuka ka m'mawa, kamene kakutha pakapita mphindi zochepa, ndi nthunzi chabe. Utsi wabuluu ndi oyilo akupsa: maring'i kapena masilo a mavavu atha. Woyera wochindikala wosaleka ndi madzi akulowa m'masilinda. Wakuda ndi mafuta ochuluka. Pa dizilo umaloza ku ma injector, ndipo a Hilux D-4D ndi odula kwambiri. Mverani masekondi oyambirira: kuwayawaya kwa chitsulo kumene kukutha oyilo akakwera ndi tcheni cha taimingi chotha. Pa dizilo, masulani chotsekera cha oyilo injini ikulira pang'onopang'ono ndi kungochikhazika pabowo. Chikamadumpha ndi utsi wambiri, injini yatopa. Injini ya 1.0 ya Vitz ndi Passo ili ndi masilinda atatu, ndiye kunjenjemera pang'ono ndi chibadwa chake, koma kukafika pogwedeza chiwongolero ndi dashibodi onani mamaunting'i.

6. Kuyendetsa

Kuzungulira yadi si kuyesa galimoto. Pemphani mphindi 30, mafuta muthire anu ngati pafunika kutero, wailesi ikhale yozimitsa. Njira yanu ikhale ndi tala wothamangapo, chitunda, mahampu ndi kamsewu kafumbi.

Galimoto zing'onozing'ono zambiri za ku Japan zili ndi giyabokosi ya CVT, imene simva kusintha magiya ngati otomatiki yakale. Yabwino imanyamuka mosalala. Yotha imanjenjemera ponyamuka, imalira ngati mluzu liwiro likamakwera, kapena injini imakuwa galimoto osathamanga, makamaka pa chitunda itatentha. Honda Fit zakale zimadziwika ndi kunjenjemera ponyamukaku, ndipo CVT za Nissan Note, March ndi Tiida sizipirira oyilo wolakwika. Funsani kuti munathiridwa oyilo wanji. Akayankha kuti ATF wamba, oyilo wa otomatiki yakale, galimotoyo isiyeni, chifukwa CVT ikafa nthawi zambiri sikonzedwa, mumagula ina yathunthu. Mutaponda buleki, sinthani kuchoka pa P kupita pa R ndi D. Ilowe mkati mwa sekondi imodzi kapena ziwiri popanda kugunda. Pa manyuwo, ikani giya 4 pa liwiro lochepa n'kuponda mafuta kwambiri: injini ikakwera galimoto osakoka, kilatchi yatha.

Pa bwalo, pindani chiwongolero mpaka kumapeto ndi kuzungulira pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri. Kulira kwa "ta-ta-ta" ndi ma CV joint. Kugogoda pa mahampu ndi pa fumbi ndi mabushi, ma link kapena mashoko. Zimenezi n'zokonzeka, zingokuthandizani potsitsa mtengo. Pa msewu wowongoka wopanda anthu, pondani buleki mwamphamvu pa liwiro la makilomita 50 pa ola: isakokere mbali, ndipo chopondera chisamire pansi. Kung'ung'uza kumene kukukula ndi liwiro ndi bering'i ya gudumu.

Mukabwerera musazimitse. Yatsani AC, isiyeni ikulira mphindi 10 pamalo ouma. Fani ya redieta izungulire, muvi wa kutentha usapitirire pakati, kapena nyali yofiira ya kutentha isayake. Sunthani galimoto muone pansi. Madzi oyera a AC si vuto. Dontho la oyilo kapena la coolant lifufuzidwe kumene likuchokera.

Za makilomita, musakhulupirire nambala ya pa dashibodi yokha, chifukwa kuibweza m'mbuyo n'kosavuta. Fananizani ndi kutha kwa chiwongolero, mphira wa chopondera buleki ndi mpando wa dalaivala. Yang'anani timapepala ta sevisi ta ku Japan tomatidwa pa mzati wa chitseko kapena m'chipinda cha injini. Zilembo simungaziwerenge, koma manambala a makilomita amawerengeka. Ngati ndi IT, pemphani pepala la okushoni, la kumsika wa ku Japan kumene inagulidwa, limene limasonyeza giredi ya galimotoyo. Giredi 4 kapena 4.5 ndi yabwino, 3.5 ndi yapakati, pamene R kapena RA ndi galimoto imene inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Pa hybrid (galimoto yoyendera mafuta ndi magetsi) monga Toyota Aqua, makaniko ayeze batire lalikulu ndi kompyuta, aone ngati magawo ake akusunga mphamvu mofanana. Musagule hybrid popanda kuyeza kumeneku.

7. Kunenerera, kulemberana ndi kulipira

Lembani zonse zimene mwapeza, funsani mitengo ya zipangizozo ku shopu, onjezani ya makaniko, ndipo nenererani ndi pepala limenelo m'manja. "Matayala anayi ndi a 2017, mashoko akutsogolo akutayira, kiyi ndi imodzi" zimatsitsa mtengo kuposa kungopempha kuti achotseko. Kiyi yachiwiri ifunseni ndithu, chifukwa kupangitsa kiyi ya batani n'kodula. Mukauzidwa kuti wina akubwera ndi ndalama masana ano, musathamange. Galimoto za mtundu womwewo zilipo zambiri.

Lemberanani mgwirizano, makope awiri. Mukhale maina ndi manambala a ziphaso za unzika a nonse, mtundu wa galimoto, nambala yake, nambala ya chesisi ndi ya injini, makilomita, mtengo, ndi mawu akuti wogulitsa akutsimikiza kuti galimoto ilibe ngongole, si chikole ndipo msonkho wake unalipidwa. Chilichonse chimene walonjeza kukonza chilembedwe ndi tsiku lake. Mboni ziwiri zisaine, imodzi ya mbali yanu. Ngati mukupereka ndalama yogwirira, ikhale yochepa, ndipo palembedwe kuti idzabwezedwa mapepala akapezeka ndi vuto.

Lipirani kudzera ku banki, ku akaunti ya dzina lomwe lili pa blue book kapena la kampani ya yadiyo, kuti pakhale umboni. Gawo lalikulu la ndalama lipite tsiku limene nonse muli ku ofesi ya Road Traffic, ku Blantyre, Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu. Kompyuta za kumeneko, za MalTIS, zimazindikira anthu ndi zidindo za zala, choncho mwini wolembedwa amafunika kuti avomereze kusinthako, ndipo inu mukhale ndi khadi lanu la traffic register musanafike tsikulo. Funsaninso pomwepo ngati pali zindapusa kapena choletsa china cholembedwa pa galimotoyo. Anthu ambiri amayenda zaka ndi galimoto ya dzina la munthu wina poganiza kuti adzasintha mtsogolo, kenako mwini wakale n'kusamukira ku Johannesburg kapena kumwalira, galimoto n'kukhala yosagulitsika. Komanso wogulitsa woona mtima safuna kuti dzina lake likhalebe pa galimoto imene akuyendetsa ndi wina.

Inshuwalansi gulani yanu musanaitulutse pa yadi. Lamulo limafuna kuti pakhale ya third party, yolipira anthu ena amene mungawavulaze kapena kuwaonongera katundu, ndipo ya mwini wakale musaidalire. Onani tsiku limene COF ikutha.

8. Sabata yoyamba

Musadikire kuti makilomita a sevisi akwane, chifukwa simukudziwa chimene chili mkati. Sinthani oyilo wa injini ndi fyuluta yake, fyuluta ya mpweya, mapulagi ngati atha, ndi coolant ngati munali madzi wamba. Mu CVT muthiridwe oyilo wa mtundu wake wokhawokha: TC kapena FE pa Toyota, NS-2 kapena NS-3 pa Nissan, HMMF kapena HCF-2 pa Honda, motsatira zimene buku la galimotoyo likunena. Ngati injini ndi ya lamba wa taimingi osati tcheni, monga 5A-FE ya Corolla zakale kapena dizilo ya 2KD, ndipo palibe umboni wa tsiku limene anasinthidwa, sinthani lambayo pamodzi ndi tenshona yake. Pangitsani alaimenti matayala atsopano akangolowa. Wailesi za ku Japan zambiri zimathera pa 90 FM, ndiye kuti mumve mawayilesi a kuno pamafunika kachipangizo kowonjezera mabandi kapena wailesi ina. Mu buti mukhale jeke, sipanala ya magudumu, sipeya yopopedwa, matrayango awiri ndi chozimitsira moto, ndipo mabawuti a magudumu muwayese pakhomo kuti sipanalayo ikukwanadi.